Mkodzo wa amalume unada ngati Coca-Cola

Amalume anga amapikula mtedza ku Nsaru n'kumadzagulitsa mumsika wa Lilongwe. Ndi munthu wa shuga, ndipo fodya anayamba kusuta ine ndisanabadwe. Chaka chatha mwendo wakumanzere unayamba kuwavuta: akayenda pang'ono katumba ankachita ngati wamangidwa ndi linya, akaima ululu n'kuleka. Kenaka chala chachikulu chinayamba kuda.

Kuchipatala anati mafuta atseka mtsempha wa magazi wopita kumwendo, pafunika opareshoni. Podikira tsikulo anawapatsa mapilitsi a simvastatin. Awa ali m'gulu la mankhwala otchedwa statin, omwe amachepetsa mafuta oipa m'magazi ndi kuteteza mtima. Pajatu munthu amene mitsempha ya m'miyendo yatseka, kawirikawiri ya kumtima nayo siikhala bwino, ndiye pa opareshoni madokotala amadera nkhawa mtimawo.

Posakhalitsa amalume anadwala chifuwa. "Ine zokafola pamzere ayi, bizinesi iima," anatero, n'kugula erythromycin kwa mnyamata wina woyala mankhwala pamsika. Sabata isanathe ntchafu ndi mapewa zinali kuwawa ngati awamenya ndi zibonga. Thumba lomwe amanyamula okha linawakanika, mkodzo n'kuda bii!

Achibale anati wina wawalodza chifukwa cha nsanje ya malonda. Ine ndinati, "Amalume, zinazo tikamba bwino, tiyeni kaye ku Namitete." Ku St Gabriel's nditatulutsa mapepala onse a mankhwala m'jumbo, mfiti inapezeka. Erythromycin amalepheretsa chiwindi kuchotsa simvastatin m'thupi. Mankhwalawo akaunjikana, minofu imayamba kusweka, ndipo zinyalala zake zimakatseka impso. Ndizo zimadetsa mkodzo. Anawaimitsa mapilitsi onse awiri n'kuwaika madiripi. Impso zinapulumuka, koma opareshoni inasunthidwa.

Vutoli si lachilendo. Mu 2001 kampani ya Bayer inachotsa pamsika statin wake wotchedwa cerivastatin anthu atafa nalo. Mu 2011 boma la America linaletsa kuyambitsa odwala atsopano simvastatin wa 80 mg pa chifukwa chomwechi.

Komatu musathamangire kutaya mapilitsi anu, abale. Kusweka minofu kotereku n'kosowa kwambiri. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mwa madandaulo 10 a kuphwanya kwa minofu pakati pa omwa statin, oposa 9 gwero lake silikhala mankhwalawo. Nanga munthu wosenza matumba tsiku lonse angalephere kumva kuphwanya? Choopsa ndi kudzisiyitsa nokha opareshoni ili pafupi, chifukwa mtima umatsala opanda mlonda.

Nkhani yagona pa kusakaniza. Simvastatin sayanjana ndi erythromycin, clarithromycin, mapilitsi a ketoconazole, ngakhalenso ma ARV okhala ndi ritonavir. Mowa wambiri, ukalamba ndi matenda a impso zimawonjezera ngozi. Tsono muuzeni dokotala zonse zimene mukumwa, ndi za pamsika zomwe, osachita manyazi. Mukaona kufooka kwachilendo kapena mkodzo wakuda, musadikire tsiku la msika lithe.

Amalume anawasinthira statin wina ndipo opareshoni inatheka ku Lilongwe. Mwendo ulipo, koma chala chija chinapita. Masiku ano akamva wina akutsokomola pabenchi, amangovula nsapato n'kumuonetsa phazi.