Musataye laputopu yosweka sikirini, TV ya pabalaza ikuidikira

Anthu ambiri amene amabwera pa shopu yanga atanyamula laputopu yosweka sikirini amakhala atagamula kale kuti yafa. Ena amangofuna ndiigule kuti ndichotsemo zitsulo. Koma kawirikawiri makinawo amakhala ali bwinobwino: akuyaka, mawu akutuluka, chosowa ndi poonetsera zithunzi basi. Poonetserapo alipo kale kunyumba, pakhoma la pabalaza kapena pa kabati. Ntchito yolumikiza kompyuta ku TV kuti banja lizionera mafilimu, nyimbo ndi zithunzi ambiri amaiona ngati ya akatswiri okhaokha, pomwe zovuta zake ndi zowerengeka.

TV imene amaitcha "smart" si china ayi koma sikirini yomwe anaiphatika kakompyuta kakang'ono kumbuyo. Sikiriniyo imakhala zaka zambiri ili bwino, koma kakompyutako kamakalamba msanga. Mapulogalamu amasiya kulandira zatsopano, filimu ina ya pa fulashi ikana kutseguka, ina ibwera ndi chithunzi chopanda mawu. Mukaika kompyuta yanu pambali, TV imatsala ndi ntchito imodzi yoonetsa, ndipo ngakhale ija yosalowa pa intaneti yayamba kuchita zonse.

Kompyuta yake siyenera kukhala yodula. Laputopu ija ikwana. Timakompyuta tating'ono ta m'maofesi togwiritsidwapo kale ntchito, monga Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini kapena Lenovo ThinkCentre Tiny, ndito ndimakonda kwambiri, chifukwa timabisala kuseri kwa TV ndipo sitichita phokoso. Palinso Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja komwe kanayamba kugulitsidwa ku Britain mu 2012. Chimene sindilimbikitsa ndi chibokosi chachikulu chakale chija: chimadya magetsi ambiri, ndipo fani yake imamveka pamene ochita sewero akunong'ona.

Chofunika kuyang'ana pogula ndi chimodzi, ndipo ogulitsa ambiri sachitchula. Filimu ndi zithunzi zothamanga, 24 kapena 25 pa sekondi iliyonse. Zikanasungidwa momwe zilili, filimu imodzi ikanadzaza disiki. Choncho amazipanikiza ngati belo la kaunjika, ndipo pamene inu mukuonera, kompyuta imakhala ikumasula belolo osapuma. Kapanikizidwe kofala ndi ka H.264, ka mu 2003, komwe pafupifupi kompyuta iliyonse yomwe ikadali moyo imakamasula mosavutika. Kenako mu 2013 kunabwera H.265, komwe ena amati HEVC. Kamachepetsa filimu kufika pafupifupi theka, koma kumasula kwake ndi kolemetsa. Kompyuta yopanda kachipangizo kapadera kochitira ntchitoyi imatentha, fani imalira, chithunzi chimayenda modukizadukiza mawu atatsogola. Eni ake amati vairasi, koma ayi. Makina a Intel anayamba kumasula HEVC paokha kuyambira m'badwo wachisanu ndi chimodzi, mu 2015. Kuti muudziwe m'badwowo, kawirikawiri mumaona nambala yoyamba pambuyo pa kamzere: i5-6500 ndi wachisanu ndi chimodzi, i5-3470 ndi wachitatu. Ineyo ndingasankhe i3 ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri kusiyana ndi i7 ya m'badwo wachiwiri, ngakhale dzina la inayo likumveka lolemera. Memore ya 4GB ikwanira.

Tsopano chingwe, pomwe pamagona mavuto ambiri. Tembenuzani TV, tembenuzaninso kompyuta, muyang'ane mabowo musanapite kumsika. Bwino kungowajambula pa foni.

Ngati zonse ziwiri zili ndi HDMI, mwapata. Chingwe chimodzi chimanyamula chithunzi ndi mawu omwe. Musalole kunyengedwa kuti chingwe chokhala ndi mitu yagolide chimaonetsa bwino kuposa chotchipa. Mu HDMI mumadutsa manambala, ndipo manambalawo akafika, afika. Chithunzi sichikongola chifukwa cha mtengo wa waya. Chingwe choipa mumachidziwa chifukwa chithunzi chimathima n'kubweranso kapena kuchita timadontho tong'anima. Pa mtunda wa mamita awiri kapena atatu chilichonse chabwinobwino chimagwira. Pokhapokha ngati TV yanu ndi ya 4K ndi pomwe muyenera kufunsa zambiri, chifukwa bowo la HDMI 1.4 limatumiza 4K pa zithunzi 30 zokha pa sekondi, pomwe HDMI 2.0 imafika 60.

Timakompyuta ta m'maofesi tija nthawi zambiri timabwera ndi bowo lofanana ndi HDMI koma losiyana pang'ono, lopindika ngodya imodzi yokha. Limenelo ndi DisplayPort. Ndaonapo ambiri ataliphwanya pokakamiza chingwe cha HDMI. Musakakamize, pali kachingwe kotchipa kosinthira DisplayPort kupita ku HDMI, ndipo mawu amadutsa bwinobwino.

Bowo la buluu la timabowo 15 ndi VGA, lomwe IBM inatulutsa mu 1987. Limanyamula chithunzi chokha. Ngati TV ili nalo, kawirikawiri lolembedwa PC kapena RGB, pafunika kachingwe kena ka mawu kochokera pomwe mumalowetsa mahedifoni. Ngati kompyuta ili ndi VGA yokha pamene TV ili ndi HDMI yokha, mufunika kabokosi kosinthira, ndipo apa tcherani khutu: timabokosi timeneti timayenda njira imodzi. Ka HDMI kupita ku VGA sikangagwire ntchito ya VGA kupita ku HDMI, ngakhale mitu ikulowa. Muuzeni wogulitsa komwe chithunzi chikuchokera ndi komwe chikupita. Za TV yamsana ija ya mawaya achikasu, oyera ndi ofiira, kabokosi kake kaliponso, koma zilembo sizimawerengeka; ine ndimawauza eni ake kuti asavutike.

Mwalumikiza, TV ikuti palibe chomwe ikulandira. Musathamangire kwa ife. Dinani batani la Source kapena Input pa rimoti, musankhe HDMI yomwe mwalowetsa chingwe, pakuti mabowowo ali ndi manambala. Pa Windows, gwirani batani la chizindikiro cha Windows pamodzi ndi P, musankhe kuti chithunzi chipite ku sikirini yachiwiri yokha. Mawu akamatulukabe pa laputopu, dinani kasipika ka pakona musankhe dzina la TV. Ndipo mukaona kuti m'mphepete mwa chithunzi mwadulika, vuto si kompyuta. Ma TV anatengera chizolowezi chakale chokulitsa chithunzi pang'ono kuti abise m'mphepete. Pa LG fufuzani Just Scan, pa Samsung Screen Fit, ndipo zonse zibwerera m'malo. Dziwaninso kuti ma TV ambiri a mainchesi 32 ali ndi timadontho 1366 m'litali ndi 768 m'lifupi, osati 1920 ndi 1080, choncho kukopera filimu yaikulu ya 4K pa TV yotere ndi kungodzaza disiki.

Kompyuta ya pabalaza iyenera kugwiritsika ntchito ndi agogo omwe, munthu atakhala pa sofa. VLC imatsegula pafupifupi chilichonse, koma imafuna mausi. Pulogalamu yomwe ndimaika ndi Kodi, yaulere, yomwe inayambira pa makina a masewera a Xbox n'kumatchedwa XBMC mpaka 2014. Zilembo zake ndi zikuluzikulu, imasanja mafilimu ndi nyimbo, ndipo imakumbukira pomwe munalekezera magetsi atathima. Mukhoza kuiyendetsa ndi foni kapena kakiyibodi kopanda waya. Pa Raspberry Pi, rimoti ya TV yomweyo imagwira kudzera m'chingwe cha HDMI, mukangoyatsa chomwe Samsung imati Anynet+, LG imati SimpLink, Sony imati Bravia Sync.

Kunja anthu amamanga makina otere kuti azionera pa intaneti. Kuno bandulo imaluma. Netflix yokha imanena kuti ola limodzi la chithunzi cha HD likhoza kudya mpaka 3GB. Ndiye kwa ife mtima wa makinawa ndi disiki: vidiyo ya chinkhoswe ndi ukwati, nyimbo za kwaya, maulaliki, maphunziro a ana okopera kamodzi n'kuonera chaka chonse. Ma DVD a ukwati amene akukandika m'kabati asamutsireni pa disiki asanafe, ndipo sungani kope lachiwiri kwina. Pa mafilimu ndi nyimbo za kwathu ndimalankhula mosabisa: kukopera mwakuba kumapha ntchito ya anthu ngati a Shemu Joyah, amene anatipatsa Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, ndipo n'chifukwa chake kuli bungwe la COSOMA. Amene akukulonjezani matchanelo onse aulere pa Kodi akukuikirani zinthu zakuba, zomwe zimafa pakangopita nthawi ndipo zina zimabwera ndi mavairasi.

Chomwe chimapha makinawa kuno si kukalamba ayi, ndi magetsi ndi fumbi. Laputopu ili ndi mwayi woti batire imaigwira magetsi akathima mwadzidzidzi. Kompyuta yopanda batire ipatseni SSD m'malo mwa disiki yozungulira, chifukwa ilibe zoyenda mkati, ndipo zonse zidutse pa chotetezera magetsi, pakuti ngozi imabwera pamene magetsi akubwerera. Kwa a sola, kakompyuta kakang'ono kapena Raspberry Pi sikadzamaliza batire usiku usanathe. M'dzinja kukamachita ziphaliwali zulani zonse, ndi waya wa dishi kapena eriyo womwe, chifukwa mphezi ikalowera kumeneko imadutsa m'chingwe cha HDMI n'kupsereza mabowo a mbali zonse ziwiri, ndipo kukonza kwake n'kodula. Musatsekere kompyuta m'kabati ya galasi kapena kuifunditsa kansalu kokongoletsa, chifukwa imapumira m'timabowo tomwe mwatsekato. Miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, muziithimitsa, kuizula ku magetsi, ndi kupukuta timabowoto ndi kaburashi kouma kamodzi pa mwezi.