Masewera atatu, wotchi imodzi, ndi tsiku lopemphera

Anzanga akutchalitchi amakonda kundifunsa kuti triathlon n'chiyani. Ndi mpikisano wa masewera atatu otsatizana, popanda kupumira. Waufupi, womwe ife ochita mongokonda timalowa, umayamba ndi kusambira mamita 750, kenako kupalasa njinga makilomita 20, n'kumalizira ndi kuthamanga makilomita 5.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti wotchi siima pamene ukusintha. Umavuuka m'madzi uli wefuwefu, zala zitauma ndi kuzizira, n'kuyamba kulimbana ndi lamba wa chipewa choteteza mutu panjinga, poti lamulo sililola kuchotsa njinga pamalo pake chipewa chisanamangidwe. Ukatsika panjingapo, miyendo imalemera ngati mitondo, ndipo kilomita yoyamba ndiyo imagwetsa anthu mphwayi.

Kwa Mkhristu nkhani imavuta pa tsiku, chifukwa mipikisano yambiri imachitika Lamulungu m'mawa. Eric Liddell wa ku Scotland anakana kuthamanga mamita 100 pa Olympics ya ku Paris mu 1924 pa chifukwa chomwechi, n'kukapambana mamita 400. Ndimamulemekeza, koma sindiweruza mnzanga wopikisana m'mawa n'kukapemphera madzulo. Ineyo ndimasankha ya Loweruka (abale a Seventh Day, kwa inu zili mosemphana). Musanalipire ndalama yolembetsera, yang'anani kaye kalendala.