Nyali Yachikasu Ikayaka pa Galimoto

Kale makaniko ankazindikira matenda a galimoto ndi khutu ndi mphuno: ankamvetsera kulira kwa injini, kununkhiza utsi, n'kukonza kabureta mpaka zonse zitakhala m'malo. Koma galimoto zambiri zimene zili m'misewu yathu lero, makamaka zija zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan, zili ndi kompyuta yoyang'anira injini. Kompyutayo ikaona chachilendo imayatsa nyali yachikasu patsogolo pa woyendetsa, ndi kusunga nambala ya vutolo. Nambala imeneyi yatayitsa anthu ambiri ndalama chifukwa chosamvetsa chimene imanena.

Kompyuta ilibe maso kapena makutu. Imadalira tizipangizo totchedwa masensa, timene timaitumizira uthenga kudzera m'mawaya. Sensa ina imayeza mpweya wolowa mu injini, ina kutentha kwa madzi, ina liwiro limene injini ikuzungulira, ndipo ina imakhala pa paipi ya utsi kuyeza oxygen wotsala petulo akapsa. Ndi mauthenga amenewa kompyuta imasakaniza magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, muyeso umene petulo amapsa nawo bwino.

Kuyambira mu 1996 galimoto zonse zatsopano zogulitsidwa ku America zidalamulidwa kukhala ndi njira imodzi yofotokozera mavuto, yotchedwa OBD-II, ndipo maiko a ku Ulaya adatsatira mu 2001 pa galimoto za petulo. Pansi pa chiwongolero pamakhala soketi ya mabowo 16 pamene amalumikizapo makina owerengera manambalawo. Nambala yoyamba ndi chilembo P imakhudza injini kapena magiya. Galimoto zina zopangidwira msika wa ku Japan kokha sizimvana ndi makina wamba, motero makina akakhala chete tisafulumire kunena kuti kompyuta yafa. Pa Toyota zambiri zakale makina safunika n'komwe: munthu amatsegula kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pafupi ndi injini, kulumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya, kutembenuza kiyi osaliza injini, n'kumawerenga kuphethira kwa nyali ija. Ikaphethira kawiri, n'kupuma, n'kuphethiranso kawiri, ndiye nambala 22, yonena za sensa ya kutentha kwa madzi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Nambala sinena kuti chipangizo chakuti chafa ayi. Imangonena dera limene kompyuta yalandirako uthenga wosayembekezeka. Sensa ili ngati mboni pa bwalo la milandu, ndipo mboni ikanena zowawa sindiye kuti yanama. Titenge nambala P0171, imene imatanthauza kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi petulo. Ambiri akaiona amathamangira kukagula sensa ya oxygen. Chonsecho kawirikawiri sensayo yanena zoona: mwina kapaipi ka labala kang'ambika ndipo kakulowetsa mpweya wosayezedwa, mwina sefa ya petulo yatsekeka, pampu yafooka, kapena sensa ya mpweya yadzaza fumbi la m'misewu yathu. Sensa yatsopano idzanenanso zomwezo, ndipo nyali idzayakanso pakangopita masiku ochepa.

Tsono wofufuza wanzeru amayamba ndi zotsika mtengo. Choyamba ayeze batire: injini ili chozima lionetse mavoti pafupifupi 12.6, ndipo ikulira afike cha m'ma 14, pakuti magetsi ochepa amasokoneza kompyuta n'kubala manambala onama. Chachiwiri aone mawaya ndi polumikizira pake, chifukwa pa galimoto yakale mawaya amauma ndi kutentha, amachita dzimbiri, ndipo ena amatafunidwa ndi makoswe. Pambuyo pake ndi pamene ayeze sensa yeniyeniyo ndi mita. Sensa ya kutentha kwa madzi, mwachitsanzo, imaonetsa ma ohm pakati pa 2,000 ndi 3,000 madzi akakhala pa madigiri 20, ndipo amatsika kufika pafupifupi 300 pa madigiri 80. Ikachita zimenezi ndi yamoyo, vuto lili kwina.

Pali machenjezo awiri oyenera kusunga. Kuchotsa waya wa batire kumatha kuzimitsa nyali, koma matenda amakhala ali pomwepo. Ndipo nyaliyo ikamaphethira galimoto ili paulendo, ndiye kuti petulo sakupsa bwino m'silinda ina, zimene zingaononge chipangizo chodula choyeretsa utsi. Woyendetsa aime msanga. Wogula galimoto yakale naye achenjere: akatembenuza kiyi nyali iyenera kuyaka, ndi kuzima injini ikalira. Ikapanda kuyaka n'komwe, mwina wina adachotsa babu kuti abise chilema.

Achinyamata amene mwatsiriza sukulu ndipo mukulingalira za umakaniko, dziwani kuti sipanala yokha siikwaniranso. Lamulo la Ohm limene mudaphunzira m'kalasi ya sayansi ndilo lidzakusiyanitsani ndi wongosintha zipangizo mwachimbulimbuli. Nanunso aphunzitsi, mita imodzi ndi sensa yakale yoviikidwa m'madzi ofunda zingaphunzitse ana zambiri kuposa choko cha sabata yathunthu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Makaniko wodekha amayeza kaye asanatume mwini galimoto kusitolo.