Alimi Awiri M'munda Wagalasi

Munthu akakwera sitima ya Elizabeth line pa Liverpool Street nalunjika kum'mawa, satenga nthawi yaitali kufika ku Romford, mzinda umene unali wa chigawo cha Essex kufikira mu 1965, pamene unalowa m'boma la Havering pansi pa London. Ndipo akatsika nayenda pang'ono ndi msewu wa South Street, amatulukira pabwalo la msika umene Mfumu Henry III inaloleza mu 1247, msika umene unamva kulira kwa nkhosa ndi ng'ombe kwa zaka mazanamazana kufikira malonda a ziweto anatha mu 1958. Ine sindinapiteko kukagula kanthu ayi, koma kukazonda mwana wa mlongo wanga, amene anachoka kwathu ku Dedza akali mnyamata, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi; ndipo m'malo mondichingamira pakhomo monga ndinayembekezera, ndinam'peza m'kachipinda kam'mwamba, kufupi ndi denga, atagwada pamaso pa kompyuta yotumbuluka ndi ukalamba, imene anali ataivula chivundikiro cha m'mbali.

"Atsibweni, mundikhululukire, m'manjamu muli fumbi," anatero akundipatsira mkono. "Odwala anga ndi awiri, koma amene akudwaladi sindikumudziwa."

Odwalawo anali makhadi awiri obiriwira, lililonse lotalika pafupifupi chikhatho ndi zala zake, olowetsedwa moyandikana m'mimba mwa kompyutayo, ndipo pamwamba pake panali kalamba kotuwa kowalumikiza. Dzina lawo ndi Voodoo2. Anatuluka mu 1998 kuchokera ku kampani ya 3dfx Interactive ya ku San Jose, m'chigawo cha California, imene Ross Smith, Gary Tarolli ndi Scott Sellers anayambitsa mu 1994 atachoka ku Silicon Graphics. Ndipo ntchito yawo inali imodzi yokha, ndiyo kujambula pasikirini zithunzi za magemu zooneka ngati zili ndi kuya, kotero kuti wosewera amayesa walowadi m'phanga kapena m'linga. Zina zonse, monga zilembo ndi mawindo a Windows 98, makhadiwa sankazidziwa. Chifukwa chake pamafunika khadi lachitatu la ntchito za tsiku ndi tsiku, limene chithunzi chake chimadzera pa waya wamfupi kuseri kwa kompyuta, nkulowa mu Voodoo2, nkupitirira ku sikirini. Gemu ikayamba, Voodoo2 imalanda njirayo. Gemu ikatha, imaibweza kwa mwini wake.

Khadi limodzi la 12 MB linkagulidwa pafupifupi madola 300, ndipo mnyamata amene anali ndi awiri ankayesedwa mfumu pakati pa anzake. Nzeru yake yoyendetsera awiri pamodzi, imene eni ake anaitcha SLI, ndiye kuti Scan-Line Interleave, munthu wakumudzi sangavutike kuimva, pakuti ndi nzeru ya m'munda. Chithunzi cha pasikirini chimapangidwa ndi mizere yopingasa mazanamazana. Tsono khadi loyamba limatenga mzere woyamba, lachiwiri mzere wachiwiri, loyamba lija wachitatu, chomwecho kufikira pansi, monga alimi awiri a padima amene agawana mizere molumphitsa kuti afike kumalire dzuwa lisanapendeke. Khadi limodzi palokha linkalekeza pa chithunzi cha madontho 800 ndi 600, koma awiri ankafika pa 1024 ndi 768, ndipo magemu a nthawi imeneyo, monga Quake II wa 1997 ndi Unreal wa 1998, ankayenda mwamyaa. Komatu ubwino wa dima ndiwonso tsoka lake: mmodzi akamalima mokhotakhota, munda wonse umaoneka woipa, ndipo wodutsa m'njira sangadziwe kuti khasu lolakwa ndi la yani.

Nthenda ya kompyutayi inali yotere. Ikayatsidwa m'mawa, zonse zinkaoneka bwino. Koma pakapita kanthawi gemu ili mkati, makoma a m'chithunzi ankayamba kuchita mawangamawanga, mzere wabwino kutsatana ndi mzere woipa, ngati mphasa yolukidwa ndi bango lakupsa ndi laliwisi, ndipo pomalizira pake zonse zinkauma gwa, osayendanso. Mwana wa mlongo wangayo, amene masana amagwira ntchito ya ukalaliki ndipo za makinazi anaziphunzira yekha usiku, anali atataya kale masabata awiri akukayikira osalakwa.

Woyamba kumangidwa anali kalamba kaja. Kali ndi mawaya 34, ndipo kamafanana kwambiri ndi lamba wa floppy, kotero kuti ambiri anyengedwapo. Kusiyana kwake nkwakuti mawaya angapo apakati ndi opotozedwa, ndipo wolowetsa lamba wa floppy momwe alili sapindula kanthu. Anasintha kalambako, nthenda osasintha. Wachiwiri anali waya wa kuseri uja, umene ukakalamba umachititsa chithunzi kuoneka ngati chili m'nkhungu. Nawonso unapezeka wosalakwa. Wachitatu inali pulogalamu ya driver, ndipo apa panali chifukwa chomveka, pakuti 3dfx masiku amenewo inkangopanga ma chip, makhadiwo nkumapangidwa ndi makampani osiyanasiyana, monga Diamond, Creative ndi STB. Ndipo makhadi a mphwanga wa ku Romfordyu sanali a nyumba imodzi, lina linali Monster 3D II ya Diamond, linzake 3D Blaster ya Creative. Ma driver ambiri akale amakana kumanga m'goli limodzi makhadi osiyana, monga Malembo amaletsera kulimitsa ng'ombe ndi bulu pamodzi. Koma okonda makinawa, kampani itafa, anakonza driver yawoyawo yotchedwa FastVoodoo2, imene imalola ukwati wotere. Imeneyo anali ataiika kale, ndipo makhadi ankadziwana bwinobwino. Mlandu unatsala wopanda mwini.

Ine za makompyuta ndine mlendo, koma ndinakhalapo pabwalo la milandu kwa a nyakwawa, ndipo ndikudziwa kuti mboni ziwiri zikamayankhira pamodzi, yonama imabisala kumbuyo kwa yoona. Ndinam'funsa ngati anayesapo kuwafunsa mmodzimmodzi. Anaseka mwamanyazi, navomera kuti anachitadi zimenezo, koma kwa mphindi zochepa zokha, kompyuta ili chitsegukire, ndipo aliyense anayankha bwino. Pamenepo ndi pamene panagona nkhani; pakuti khadi likakhala lokha, m'bokosi lotseguka, limapuma mphepo mbali zonse, koma likakhala pafupi ndi linzake, nkhope yake itayang'ana msana wa mnzake, mpata wake wosakwana chala, limaphikidwa ndi moto wake ndi wa mnansi wake womwe.

Pa khadi lililonse pali timabokosi titatu takuda, ndiwo ma chip: imodzi yosamala chithunzi chonse, ziwiri zovekera makoma ndi matupi maonekedwe ake, kaya a mwala, kaya a chitsulo, kaya a khungu. Zonse zitatu zimathamanga pa 90 MHz, ndipo makampani ambiri anazigulitsa zili maliseche, popanda chitsulo chomwaza kutentha ngakhale fani, poyesa kuti khadi likatumikira zaka zitatu kapena zinayi latha ntchito yake, mwini wake agula latsopano. Sanalote kuti padzakhala anthu ozitumabe patapita zaka zoposa 25. Chip iliyonse ili ndi timiyendo toposa 200, toonda ngati tsitsi, towotcheredwa ndi mtovu kuzungulira mbali zonse zinayi. Ndipo chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera, kotero kuti kufutukuka ndi kubwerera kwa zaka zonsezi kumamasula mwendo umodzi kapena iwiri, umene pozizira umakhudzabe pamalo pake, koma potentha umanyamuka pang'ono, kuchepa kwake kosaoneka ndi maso.

Tisaiwalenso kumene kompyutayi imakhala. Nyumba za ku England anazimanga kuti zisunge kutentha, osati kukutulutsa, ndipo kachipinda ka kudenga m'mwezi wa July kamasanduka ng'anjo. Anthu a ku Havering sadzaiwala tsiku la 19 July 2022, pamene kutentha kunafika madigiri 40.3 ku Coningsby, koyamba m'mbiri ya dzikolo kupyola 40, ndipo m'mudzi wa Wennington, m'boma lawo lomwelo, moto unanyeketsa nyumba zambiri. Tsiku limene ndinacheza kumeneko silinafike pamenepo, komabe ndinavula jekete, chinthu chimene sindichita kawirikawiri pamaso pa ana.

Tsono tinayambanso mlandu mwadongosolo. Anachotsa khadi la Creative, nasiya la Diamond lokha, natseka bokosi, naliyendetsa ola lathunthu, silinalakwe. Anasinthanitsa, ndipo la Creative, litatenthedwa mokwanira, linaulula lokha: makoma anachita mawanga, tsopano osati molumphitsa mizere, koma ponseponse. Anayendetsa kapulogalamu kakale ka 3dfx kotchedwa Mojo, kamene kamawerenga ma chip ndi memory ya pakhadi nkunena zimene kapeza, ndipo khadi likali lotentha, chiwerengero cha chip imodzi yovekera makoma chinatuluka chopereweza. Atazimitsa zonse nazula pulagi kukhoma, anayala khadilo pathebulo pansi pa nyale, natenga galasi lokuzira zinthu ndi kamtengo kotokosera m'mano, nayamba kukankha timiyendo tija kamodzikamodzi, mopepuka ngati munthu wochotsa chitsotso m'diso la mwana. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mbali yoyamba yonse inali nji, yachiwiri chimodzimodzi. Koma pangodya ya mbali yachitatu, timiyendo tiwiri toyandikana tinagwedera ngati dzino la mkaka.

"Ndi amenewa, atsibweni," anatero monong'ona, ngati kuti akakweza mawu tithawa.

Kuwotchererako sikunatenge nthawi, koma ndi ntchito imene sindingalangize munthu wa dzanja lonjenjemera. Pakuti mtovu ukachuluka ndi kadontho kokha umagwirizanitsa miyendo iwiri yosayenera kukhudzana, ndipo makhadi otere salinso m'sitolo ina iliyonse. Kampani ya 3dfx inagula STB kuti izidzipangira yokha makhadi, nikwiyitsa nazo makampani amene ankaigula ma chip. Mu December 2000 inagulitsa chuma chake kwa mdani wake Nvidia, ndipo mu 2002 inatheratu. Nvidia inadzaukitsa zilembo zitatu zija za SLI mu 2004, koma ndi tanthauzo lina ndi kachitidwe kena. Chotero khadi lililonse la Voodoo2 limene lapsa lero lachepetsa chiwerengero cha otsala, ndipo mtengo wake pa eBay umakwera molingana.

Pankhani ya kuziziritsa tinasiyana maganizo pang'ono. Iye anafuna kumata tizitsulo tomwaza kutentha pa ma chip onse asanu ndi limodzi. Ine ndinati chomatidwa ndi guluu wolimba tsiku lina chidzafuna kumatulidwa, ndipo pomatulapo timiyendo tokalamba tija tidzazuka. Kunena zoona, tizitsulo totere timathandiza, makamaka tikamatidwa ndi tepi yofewa yopangidwira ntchitoyo. Koma popanda mphepo yoyenda, chitsulo chimangosunga moto umene chalandira. Tinagwirizana zoyamba ndi zosavuta. Anasamutsa khadi limodzi kuti pakati pawo patsale malo amodzi olowetsamo khadi opanda kanthu, monga momwe kalamba kaja kanalolera kutalika kwake; anamangirira fani ya mamilimita 120 m'mbali mwawo, yopemerera mphepo pakati pa awiriwo; anakoka malamba otambalala a hard disk ndi CD, amene ankatchinga mphepo ngati makatani, nawamanga pambali; napukuta fumbi limene linali litaundana pa fani ya kumbuyo ngati thonje. Liwiro la ma chip analisiya pa 90 pomwepo, ngakhale driver imalola kulikweza, pakuti nkhalamba imene yangodzuka pamphasa saipatsa mpikisano.

Dzuwa la chilimwe cha kumeneko limachedwa kulowa, ndipo nthawi inali itapitirira 9 koloko, kunja kukali mbee, pamene anatseka bokosi nayatsa Unreal. Pasikirini panatuluka linga lija la pachiyambi pa gemuyo, miyala yake ikunyezimira, ndipo tinalisiya lizungulire kwa maola awiri, ife tikudya nsima imene apongozi anaphika ndi ufa wogula m'sitolo ya zakudya za ku Africa. Titakweranso, mizere yonse inali yowongoka. Mphwangayo anapisa chala pa chip imene inadwala ija, nachisiya pamenepo osachilandula msanga monga kale.

Chotsala ndi phokoso. Fani ija imalira ngati chigayo chakutali, ndipo apongozi, amene chipinda chawo chili pansi pa kachipindako, anena kale kuti ikamakwana 10 koloko usiku alimi onse awiri aziweruka.