Mayi Lincoln pakati pa mphekesera ndi zoona

Irving Stone, mlembi wa ku America amene adamwalira mu 1989, sankatopa kusuzumira m'mabanja a atsogoleri a dziko lake. Adalemba za Andrew Jackson ndi mkazi wake Rachel mu 1951, kenako za John Adams ndi Abigail mu 1965. Pakati pa mabuku awiriwa, mu 1954, adatulutsa Love Is Eternal, lofotokoza banja la Abraham Lincoln ndi Mary Todd. Dzina la bukuli adalitenga pa mawu amene Lincoln adalembetsa m'kati mwa mphete yaukwati ya Mary.

Ambiri timaganiza kuti zabodza za anthu otchuka zimachokera kwa olemba nkhani zopeka. Pa banja la Lincoln zidayenda mosiyana. Amene adafesa mphekesera zambiri anali William Herndon, loya yemwe ankagwira ntchito mu ofesi imodzi ndi Lincoln ku Springfield, m'chigawo cha Illinois, ndipo iye ndi Mary sankamwerana madzi. Stone adabwera pambuyo, nawerenga makalata ndi zolembedwa zakale, n'kupatsa Mary mpata woti amveke.

Amati: Lincoln adakonda mkazi mmodzi yekha, Ann Rutledge

Ann adalikodi. Ankakhala m'mudzi wa New Salem ndipo adamwalira mu 1835 akadali mtsikana. Anthu a m'mudzimo adachitira umboni kuti imfayo idamusweratu mtima Lincoln, ndipo akatswiri ena a mbiri amavomereza kuti ankamukonda. Koma zoti mtima wake udaikidwa m'manda limodzi ndi Ann, moti Mary adangokwatiwa ndi thupi lopanda chikondi, ndi maganizo a Herndon. Adazilankhula pagulu mu 1866, Lincoln atafa kale, Mary akadali pa chisoni.

Amati: Lincoln adathawa tsiku la ukwati

Buku la Herndon la mu 1889 limanena kuti pa 1 January 1841 alendo adasonkhana, mkwatibwi atavala kale, koma mkwati osaoneka. Ofufuza adakana nkhaniyi chifukwa palibe umboni woti tsikulo padakonzedwa ukwati. Chimene chidachitika n'chakuti chitomero chawo chidatha nthawi imeneyo, ndipo Lincoln adavutika maganizo kwambiri. Awiriwo adabwererana n'kukwatirana pa 4 November 1842 kunyumba ya Elizabeth Edwards, mkulu wake wa Mary.

Amati: Mary anali kazitape wa adani

Mary adabadwira ku Lexington, Kentucky, mu 1818, m'banja lolemera lomwe linali ndi akapolo. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861, alongo ake ena adamenya nkhondo kumbali ya zigawo zakummwera. Pamenepa m'pamene mphekesera idagwira mizu mu Washington. Umboni sudapezeke ngakhale umodzi. Mary ankayendera asilikali ovulala m'zipatala, ndipo mnzake wapamtima anali Elizabeth Keckley, telala wake, mayi amene adali kapolo n'kudziwombola yekha ndi ndalama za ntchito yosoka.

Amati: Mary anali wamisala

Apa m'pofunika kudekha. Mary anali waukali, ndipo ankamwaza ndalama: pokonza nyumba ya White House adapyola madola 20,000 amene aphungu adapereka. Zimenezi n'zoona ndithu. Koma tiyeni tiwerenge maliro amene mayiyu adalira. Mwa ana ake anayi, Eddie adamwalira mu 1850 asanakwanitse zaka 4. Willie adamwalira mu February 1862 ali ndi zaka 11, nkhondo ili m'kati. Pa 14 April 1865 mwamuna wake adawomberedwa ku Ford's Theatre, iye atakhala pambali pake. Tad adamwalira mu 1871 ali ndi zaka 18.

Mu 1875 Robert, mwana yekhayo amene adatsala, adatengera mayi ake kukhoti, ndipo khotilo lidalamula kuti akasungidwe ku chipatala cha odwala maganizo ku Batavia. Atakhalako miyezi yowerengeka adatuluka n'kukakhala kwa mkulu wake, ndipo mu 1876 khoti lidagamula kuti mutu wake ukuyenda bwino. Madokotala ndi olemba mbiri amatsutsanabe za dzina la matenda ake. Chosatsutsika n'chakuti chisoni chidamulemera kufikira imfa yake mu 1882. Ngakhale zikadakhala monga anthu ankanenera, akuluakulu athu adati wamisala adaona nkhondo. Mary adaionadi, ndipo mawu ake ngofunika kuwamva.

Sikuti zonse za m'buku la Stone zidachitika momwe adazilembera. Zimene mwamuna ndi mkazi ankakambirana kuchipinda palibe adazimva, choncho mlembi adachita kuzilingalira, ndipo chifundo chake chidapendekera kwa Mary. Olemba ena adapitiriza kubwerera ku banjali: Gore Vidal mu 1984, Jennifer Chiaverini ndi nkhani ya Keckley mu 2013, ndi George Saunders amene buku lake la imfa ya Willie lidapata mphoto ya Booker mu 2017.

Mukawerenga mabuku otere, sangalalani nawo, koma muzifunsa kuti nkhani iliyonse adaiyamba ndani, nanga anali ndi chifukwa chanji. Pa mlandu wa Mary Lincoln, mboni yaikulu inali Herndon, munthu amene sankamufuna.