Mkaka Sutsuka Fumbi la M'mapapo

Ku Matepatepa ndi madera ena ozungulira Bindura ku Zimbabwe, ena mwa adzukulu a Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi tsopano ndi makorokoza, amakumba golide paokha. Ambiri amakhulupirira kuti kumwa mkaka potuluka m'dzenje kumatsuka fumbi m'chifuwa, koma kapangidwe ka thupi kakutsutsa zimenezi. Pakhosi pali njira ziwiri. Mkaka umatsikira m'mimba, pomwe mpweya umadutsa m'kholingo, n'kugawikana m'timachubu mpaka kufika m'timatumba ta m'mapapo, tokwana pafupifupi 300 miliyoni, momwe okosijeni amalowera m'magazi. Fumbi lalikulu limakodwa m'mamina ndi m'makhololo. Loopsa ndi la silika, lochokera m'miyala, losaoneka ndi maso, lomwe limafika m'timatumbamo. Maselo oteteza thupi amalimeza n'kufa nalo, ndipo pamatsala zipsera zosapola. Imeneyi ndiyo silikosisi, nthenda yomwe imatseguliranso khomo chifuwa chachikulu cha TB.

Wina anganene kuti wakumba zaka zambiri osatsokomola. N'zoona, koma nthendayi imatha kubisala zaka 10 kapena kuposa, ndipo munthu akayamba wefuwefu pokwera kachitunda, mapapo amakhala atauma kale. Kansalu ka pamphuno sikatchinga fumbi lotere. Kuthira madzi pobowola mwala ndiko kumaligwetsa lisanauluke.