Dzanja likasiya kumva kutentha

Mukagwira mphika wotentha, dzanja limathawa lokha musanaganize n'komwe. Kodi uthengawo umayenda bwanji msanga chotere?

M'thupi mwathu muli timitsempha tonga ulusi timene timanyamula uthenga ndi mphamvu ya magetsi. Mphamvuyi imachokera ku michere ya m'thupi. Khungu likatenthedwa, timabowo ta mtsempha timatseguka: mchere wa sodium umalowa, kenaka wa potassium umatuluka. Mbali yoyandikana nayo imachitanso chimodzimodzi, ndipo uthenga umathamangira kumsana ndi kuubongo ngati moto wolusa pa udzu wouma. M'mitsempha ina umayenda mamita 100 pa sekondi imodzi. Anafotokoza zimenezi ndi Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku Britain m'chaka cha 1952.

Tizilombo ta khate timaononga mitsempha yomweyi. Uthenga sufika, munthu amapsa kapena kulasidwa ndi minga osamva, zilonda n'kukula.

Mukaona banga lotuwa losamva kukhudza, kapena dzanzi losatha m'zala, pitani kuchipatala msanga. Khate limachira ndi mankhwala aulere akumwa miyezi 6 kapena 12, koma mtsempha ukaferatu subwerera.